Tsiku limene ng'ombe idagwetsa pulogalamu yanga

Loweruka lapitali mwana wa mlongo wanga adandipeza pakhonde nditaweramira laputopu, tiyi atazizirira m'kapu. Mnyamatayu adamaliza maphunziro a zamakompyuta chaka chatha, ndiye akaona munthu waimvi ngati ine akulimbana ndi makinawa amagwidwa chisoni chosakanikirana ndi phwete. Adasuzumira pagalasi, n'kuona mizere ya zilembo zosamveka ili ndandanda.

"Kodi malume, mukupanga chiyani apa?" adafunsa.

Ndidamuuza kuti ndikudzipangira pulogalamu yosungira zolemba ndi kuziyala bwino kuti abale azitha kuziwerenga pafoni.

"Koma malume, zimenezitu zilipo kale, zaulere. WordPress ilipo, Facebook ilipo. Mukuvutikiranji? Mukusula khasu pomwe kumsika makasu ali mbwee!"

Funso lake lidali labwino, ndipo tsiku limenelo sindidamuyankhe mogwira mtima. Ndidangoti, "Khala pansi iwe, umwe tiyi." Koma poti mayi a kunyumba adandifunsapo zomwezi, anzanga akuntchito nawonso chimodzimodzi, ndati yankho ndilipereke pano, mwina lithandizanso wina amene ali ndi kanthu kake kapamtima komwe anthu amamuseka nako.

Nkhaniyi idayamba ndi makope a malemu bambo anga. Iwo adali mphunzitsi wa kupulaimale, ndipo atamwalira tidapeza m'sutikesi mwawo makope asanu ndi awiri odzaza ndi miyambi, zilape, mayina a mitengo ndi ntchito zake, komanso mbiri ya mudzi wathu monga momwe adaimvera kwa agogo awo. Kope limodzi chiswe chidali chitalawa kale. Abale ena ali ku Lusaka, ena ku Johannesburg, ndipo aliyense ankafuna kuwerenga. Ndidayamba kutaipa zonse usiku ndikaweruka, n'kumatumiza pang'onopang'ono pagulu lathu labanja la pa WhatsApp. Zidayenda bwino kwa sabata zingapo, kenaka zolemba za bambo zidamira pansi pa zithunzi zaukwati, mauthenga amaliro ndi mavesi am'mawa. Munthu akafuna mwambi wina wake ankayenera kupalasa ngati nkhuku padzala.

Padalinso china chondidetsa nkhawa. Chimene waika m'nyumba ya mwini chimakhala pachifundo cha mwini nyumbayo. M'zaka za m'ma 1990 anthu miyandamiyanda adaika zolemba ndi zithunzi zawo pa GeoCities, koma mu 2009 kampani ya Yahoo idatseka malowo, ndipo zimene zidapulumuka ndi zomwe anthu odzipereka adathamangira kukopera. Mu 2019 a MySpace adavomera kuti nyimbo zimene anthu adaikapo kwa zaka zoposa khumi zidasowa pamene ankasamutsa zinthu kupititsa kumakina ena. Sadali makampani ang'onoang'ono amenewa. Pajatu akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Choncho ndidayamba kuphunzira chiyankhulo cha kompyuta chotchedwa Python, pogwiritsa ntchito maphunziro aulere a pa intaneti, bandulo ikalola. Cholinga changa chidali chochepa: kapulogalamu kowerenga zimene ndataipa, kuzisunga m'nkhokwe imene odziwa amaitcha database, n'kuzitulutsa ngati masamba owerengeka pafoni, okhala ndi pofufuzira mawu. Ndinkaganiza kuti ndi ntchito ya mwezi umodzi. Pano chaka chatha ndi miyezi.

Chopunthwitsa choyamba chidali ng'ombe. Ndidali nditalowetsa miyambi ingapo bwinobwino, mtima uli m'malo. Nditafika pa mwambi wina wonena za ng'ombe, pulogalamu idangoti zii, n'kulavula uthenga wofiira wachingerezi. Ndidayesanso, chimodzimodzi. Ndidalowetsa wa mbuzi, udalowa. Wa galu, udalowa. Wa ng'ona, idagwanso. Usiku umenewo ndidagona ndikudzifunsa kuti kodi makinawa ali pachidani chanji ndi ng'ombe ndi ng'ona.

Yankho lidabwera m'mawa ndikusamba. Vuto silidali nyama koma nkhodolero, kachizindikiro kaja timaika pakati pa g ndi o. Nkhokwe zambiri za pakompyuta zimalamulidwa ndi chiyankhulo chotchedwa SQL, ndipo m'chiyankhulo chimenechi nkhodolero ndiyo imasonyeza poyambira ndi pothera mawu amene ukufuna kusunga. Tsono ine ndikalemba kuti ng'ombe, makina ankawerenga "ng", n'kuona nkhodolero, n'kuganiza kuti mawu athera pomwepo. Zotsalazo, "ombe", ankaziyesa lamulo, ndipo poti lamulo lotero kulibe, ankangogwa. Mzungu wolemba chiyankhulo chake akhoza kuyenda ulendo wautali asadakumane ndi vutoli, pokhapokha atapeza dzina lachiairishi ngati O'Brien. Ife Achewa sitingamalize ndime popanda m'mudzi, n'chifukwa, pang'ono kapena ng'anjo.

Pofufuza mankhwala ake ndidaphunzira chinthu chimene chidandiziziritsa nkhongono. Kabowo komweko kamene ng'ombe yanga idagweramo ndi kamene mbava za pa intaneti zimalowera. Munthu woipa mtima amalemba nkhodolero dala pamalo olembapo dzina, kenaka n'kutsatiza lamulo lenileni, monga lakuti nkhokwe yonse ifufutidwe kapena iulule zonse zili m'katimo, makina n'kumvera. Njira imeneyi imatchedwa SQL injection ndipo yagwetsapo mabungwe akuluakulu. Kupewa kwake n'kosavuta: mawu a munthu sumawasakaniza ndi lamulo, umawapereka padera kuti makina adziwe kuti awa ndi katundu wongosunga basi. Mizere iwiri yokha ndiyo ndidasintha. Koma kuyambira tsiku limenelo, ndikamva pawailesi kuti akuba athyola makina a bungwe lakutilakuti, ndimakhala ndi chithunzithunzi cha momwe zimachitikira. Ndikadangotenga pulogalamu yopangidwa kale, bwenzi mpaka lero ndikuyesa matsenga.

Chopunthwitsa chachiwiri chidali chilembo chimene bambo ankachikonda kwambiri, w wovala kachipewa uja, ŵ. Ambiri masiku ano tidaleka kuchilemba, koma iwo sankalemba dzina la dziko lino popanda kachipewako, ndipo ine ndidafuna kusunga kalembedwe kawo monga momwe kadalili. Palaputopu panga zinkaoneka bwino. Mlongo wanga atatsegula pafoni yake adandiimbira: "Achimwene, kodi bambo ankalemba Chigiriki?" Pamene padayenera kukhala Malaŵi padalembedwa kuti MalaÅµi.

Apa ndipo ndidadziwa kuti kompyuta sidziwa chilembo ngakhale chimodzi, imangodziwa manambala. M'zaka za m'ma 1960 ku America adakonza mndandanda wotchedwa ASCII wa zizindikiro 128 zokha, zokwanira Chingerezi basi. Mayiko ena adayamba kuwonjezera zawo, aliyense mwa njira yake, ndipo nambala imodzi inkatha kutanthauza chilembo china ku France, china ku Russia. Kenaka kudabwera Unicode, mndandanda umodzi wofuna kupatsa nambala chilembo chilichonse cha padziko lapansi, ndipo mu 1992 Ken Thompson ndi Rob Pike adakonza njira yosungira manambalawo yotchedwa UTF-8. M'njira imeneyi ŵ amasungidwa m'timagawo tiwiri. Ukapanda kuuza foni kuti ukugwiritsa ntchito UTF-8, imawerenga kagawo kalikonse pakokha, n'kutulutsa zilembo ziwiri zachilendo zija. Mzere umodzi pamwamba pa tsamba udathetsa nkhaniyo. Ndidasangalalanso kumva kuti sitili tokha, anthu a ku Wales nawonso ali ndi ŵ m'chiyankhulo chawo.

Koma kachipewako sikadathere pomwepo. Nditauza pulogalamu kuti iyale mawu motsata alifabeti, mawu onse oyamba ndi ŵ adapita kumapeto, kuseri kwa z. Chifukwa chake n'chakuti z ndi nambala 122 pomwe ŵ ndi 373, ndipo makina amangoona kuti 373 ndi wamkulu. Ndidachita kuwaphunzitsa kuti poyala mawu, ŵ aziima pamodzi ndi mbale wake w.

Chopunthwitsa chachitatu sindidachigonjetse mpaka lero, ndipo n'chimene chimandikoka kuti ndizibwererabe pakhondepo. Ndi nkhani ya kufufuza mawu. Mawu achingerezi amasintha kwambiri kumchira, ndipo mu 1980 katswiri wina wa ku England, Martin Porter, adafalitsa njira yodulira michirayo kuti makina azipeza tsinde la mawu. Njira yake ikugwirabe ntchito m'mapulogalamu ambiri ofufuzira. Tsoka ilo Chichewa chimasintha kwambiri kumutu. Mudzi umasanduka midzi, khasu makasu, diso maso, dzira mazira. Munthu akafufuza "kulima" amafunanso apeze "adalima", "tikulima", "mlimi" ndi "ulimi".

Poyamba ndidaganiza mwachidule. Ndidati makina azingofunafuna tsinde paliponse pamene lapezeka. Nditalemba "lim" adandibweretsera za ulimi zonse, koma pamodzi ndi kulimba, kulimbana ndi chilimwe. Nditalemba "ana", pofuna miyambi ya ana, adanditutira pafupifupi theka la makope, pakuti "ana" ali mu anapita, anadya, kukondana ndi kukangana. Koma mwambi wonena za mwana mmodzi ndi wa kamwana adaubweretsa mwangozi chabe, osati chifukwa chodziwa kuti mwana ndi ana ndi amodzi.

Apa ndipo mayi a kunyumba adalowerera. Iwowa adali atatopa nane. Usiku wina adandiuza kuti, "Abambo, nsima ikazizira kachitatu ndidzayamba kupakulira laputopu yanuyo." Koma Chichewa amachidziwa kundiposa, ndipo atandiona ndikung'ung'udza za ana ndi anapita, adatenga pensulo n'kuyamba kundilembera mawu awiriawiri: mwana ndi ana, tsamba ndi masamba, phiri ndi mapiri, bwato ndi mabwato. Adandikumbutsa za magulu a mayina amene tidaphunzira kusukulu ine n'kuiwala kalekale. Lero tili ndi mndandanda wathuwathu umene pulogalamu imayamba yaonamo isadafufuze, ndipo ukukula sabata ndi sabata. Tikamadya, wina amangoti, "Kodi fupa ndi mafupa tidalemba?" Palibe kampani ya ku California imene ikadatikonzera zimenezi, osati chifukwa cha nkhanza, koma chifukwa sadagonepo tulo akuganiza za khasu ndi makasu.

Ndisanamizire kuti zonse zakhala zokoma. Walira mvula walira matope. Mwezi wa Febuluwale laputopu yanga yakale idazima osadzukanso, ndipo ntchito ya milungu isanu idapita nayo chifukwa ndidalibe pena pomwe ndidasunga. Mmisiri amene ndidapitako adangopukusa mutu. Chimene chidandipulumutsa n'chakuti zolemba za bambo zenizenizo ndidali nditazikopera pafulashi, ndiponso makope adakalipo. Ine amene ndinkanyoza ena kuti amasunga zinthu m'nyumba ya eni ndidapezeka kuti yanga nyumba idali yofolera ndi udzu woola. Kuchokera pamenepo ndidaphunzira Git, chida chosunga mbiri ya kusintha kulikonse kumene wapanga, ndipo chilichonse ndimachisunga malo atatu: palaputopu, pafulashi ndi pa intaneti. Zolembazo ndimazisunga ngati mawu wamba opanda zokongoletsa, m'kalembedwe kosavuta kotchedwa Markdown kamene John Gruber adakonza mu 2004, kuti ngakhale pulogalamu yanga itafa mawa, mdzukulu wanga adzathe kuzitsegula ndi makina alionse.

Chimene chimandilimbitsa mtima n'chakuti zida zambiri zimene mphwanga uja amazitama zidayamba chonchi, munthu mmodzi akuchita zoti anzake akuziona ngati kutaya nthawi. Python yomwe ndikugwiritsa ntchitoyi idayamba mu Disembala 1989, pamene Guido van Rossum wa ku Netherlands ankafuna chochita pa tchuthi cha Khirisimasi ofesi yawo itatsekedwa. Mu 1991 Linus Torvalds, wophunzira wa zaka 21 ku Helsinki m'dziko la Finland, adalengeza kuti akupanga kanthu kongosangalatsa mtima wake, kosati kadzakhale kakakulu. Kanthu kameneko ndi Linux, imene lero ili mumtima mwa foni iliyonse ya Android, kuphatikizapo ili m'thumba mwanuyo. Git nayonso adaiyambitsa ndi iye yemweyo mu 2005. WordPress imene adandiuza kuti ndingotenga idabadwa mu 2003, pamene Matt Mullenweg ndi Mike Little adatola pulogalamu ina yotchedwa b2, yomwe mwini wake adali ataleka kuisamala, n'kuyamba kuikonza kuti iwakomere iwo eni.

Amene amandifika pamtima kwambiri ndi Donald Knuth, pulofesa wa pa yunivesite ya Stanford. Mu 1977 adaona momwe osindikiza adayalira masamba a buku lake lina, ndipo sadakondwe ndi maonekedwe a zilembo ndi masamu. M'malo mongodandaula adaganiza zopanga pulogalamu yakeyake yoyalira zilembo. Ankayesa ndi ntchito ya kanthawi kochepa, koma idamudyera zaka pafupifupi khumi. Pulogalamuyo, yotchedwa TeX, mpaka lero ndi imene akatswiri ambiri a masamu ndi sayansi amalembera. Ndikamva kuti munthu wophunzira chotere adalakwitsa kuwerengera nthawi mwa mtundu umenewu, mwezi wanga umodzi umene udasanduka chaka sundichititsanso manyazi.

Komabe tisanamizane. Pa Torvalds mmodzi pali anthu zikwizikwi amene timapulogalamu tawo tidathera m'makompyuta awo, ndipo kanga kali m'gulu limenelo. Sikadzatchuka, sikadzandibweretsera ngakhale tambala. Ndiponso mphwanga akunena zoona pa mfundo imodzi yofunika. Ngati muli ndi bizinesi ndipo mukufuna tsamba la pa intaneti pofika Lolemba, tengani zopangidwa kale. Ngati nkhani ikukhudza ndalama za anthu, manambala awo achinsinsi kapena mbiri ya odwala, musayesere dala kuphunzirirapo. Mapulogalamu otchuka adayesedwa ndi anthu ambirimbiri ndipo mabowo awo ambiri adatsekedwa, pomwe kanu kali ndi mabowo amene simudawaone. Ine ndidadziwa za nkhodolero chifukwa ng'ombe idandichenjeza, koma ndani akudziwa kuti ndi mabowo angati amene palibe nyama idagweramo?

Tsono phindu lake n'chiyani? Ambirife tidakula tikupanga magalimoto amawaya. Palibe mwana amene ankaganiza kuti akupikisana ndi Toyota. Koma mwana amene adapindapo waya kuti chiwongolero chikhotetse mateyala akutsogolo amayang'ana galimoto yeniyeni ndi maso ena. Amadziwa kuti idapangidwa ndi anthu, kuti ili ndi zifukwa zake, kuti ikhoza kumasulidwa n'kumangidwanso. Masiku ano moyo wathu wadzaza ndi mapulogalamu. Ndalama timatumiza pafoni, zotsatira za mayeso timaonera pafoni, ngakhale maina athu ali m'makina a boma. Tikakhala mtundu wa anthu ongodina mabatani, osadziwa kuti kuseri kuli chiyani, tidzakhala tikulandira chilichonse chimene tapatsidwa, ndipo makina akakana dzina la munthu chifukwa lili ndi nkhodolero tidzangouzidwa kuti "sisitimu yakana", ife n'kubwerera kunyumba. Chonsecho ndi vuto la mizere iwiri.

Ena anena kuti masiku ano kuli ChatGPT ndi anzake, ungowauza n'kukulembera pulogalamu yonse. N'zoona, ndipo nanenso ndimawafunsa ndikathedwa nzeru, pajatu safunsa adadya phula. Koma ndaona kuti amathandiza bwino munthu amene akudziwa chimene akufunsa. Ukapanda kudziwa kuti mwana ndi ana ziyenera kupezeka pamodzi koma anapita ayi, ulandira chinthu chooneka bwino chosagwira ntchito, ndipo sudziwa n'komwe kuti chalakwika.

Kwa wachinyamata, kapena wachikulire mnzanga, amene mtima ukumukoka kuti ayese, malangizo anga ndi ochepa. Yambani ndi vuto lanulanu, laling'ono, limene likukusowetsani mtendere, kaya ndi kaundula wa nyimbo za kwaya, kaya ndandanda wa masewero a timu ya m'dera lanu, kaya maina a m'banja mwanu kuyambira kwa agogo. Musadikire laputopu yapamwamba, yakale yomweyo ikwana, ndipo Python ndi yaulere. Sungani ntchito yanu malo oposa amodzi kuyambira tsiku loyamba, musadikire kulira ngati ine. Yesani pulogalamu yanu ndi mawu a chiyankhulo chanu, osati zitsanzo za m'buku zokha. Ndipo nsima ikafika patebulo, tsekani makinawo.

Mphwanga uja sadachoke msanga tsiku lija. Atamwa tiyi adapempha kuti aone nawo, ndipo pasadathe mphindi khumi adapeza cholakwika chimene ine ndidakhala nacho miyezi itatu osachiona. Kenaka adalemba "agogo" pofufuzira, n'kuyamba kuwerenga mbiri ya mudzi wathu imene adali asadaimvepo chibadwire. Dzuwa lidalowa ali pomwepo. Lachitatu m'mawa ndidalandira uthenga wake pafoni: "Malume, ndaganizira za ana ndi anapita zija. Ndikuona ngati pali njira. Ndibwera Loweruka, musakhudze kalikonse."

Sindidakhudze. Ndangouza mayi a kunyumba kuti Loweruka awonjezere ufa.